Bala la Filipo

Aroni Nyoni anali asanagonjepo pa ndodo, komanso anali asanamenyepo nkhondo. Zinthu ziwirizi zinkamudya mumtima ngati nankafumbwe, chifukwa sankadziwa kuti chimene chikunena zoona za iye ndi chiti.

Vuto lake linali lakuti anabadwa mochedwa. Chaka chimene iye ndi anzake a m'midzi ya Angoni ya kufupi ndi Mvera ankayembekeza kupatsidwa zishango, azungu anali atamanga kale boma lawo ku Dowa, ndipo nkhondo zinazilala. Zishango zinatsalira magule. Anyamata anangotsala ndi masewera a kubusa, omenyana ndi ndodo ziwiri, yakumanja yomenyera, yakumanzere yotchingira. Masewerawo anali ndi malamulo ake. Subaya. Sumenya munthu kumsana. Mnzako akagwa umamudikira adzuke. Koma lamulo lalikulu linali ili: magazi akangooneka pamutu pa mnzako, nkhani yatha. Wopambanawe umatula ndodo zonse ziwiri pansi, n'kutenga madzi, n'kutsuka bala la mnzakoyo ndi dzanja lomwe lamuvulazalo. Akuluakulu ankati anaika dala lamuloli, kuti chidani chizitsalira kudambo ng'ombe zikamabwerera kumudzi.

Aroni anatsuka mitu yambiri. Kuyambira ku Mvera mpaka m'mapiri a ku Ntchisi, pafupifupi mnyamata aliyense wa msinkhu wake amene ankadzitcha katswiri anali ndi chipsera pamwamba pa nsidze, ndipo ukamufunsa ankangoti, "Ndi a Nyoni amenewa." Koma madoda amene anaionadi nkhondo sankatengeka nazo.

"Mumavina bwino, a Nyoni," ankatero wina wa iwo, woduka zala, akukoka fodya wa m'mphuno. "Mwendo wopepuka, chiuno chofewa. Tsiku lina mudzakumane ndi munthu amene sanabwere kudzavina."

Kusukulu ya mishoni anamupatsa dzina la Aroni, anamuphunzitsa zilembo, n'kumuuza kuti Mkhristu sayenda ndi ndodo zomenyera anthu. Iye anavomera. Anazisomeka kudenga, koma sabata silinkatha osazitsitsa kuti azipake mafuta a nsatsi. Anayesa umtengatenga, anayesa kunyamula machila, anayesa kuumba njerwa. Paliponse ankaoneka ngati munthu amene waitanidwa kwina ndipo wachedwa. M'tchalitchi bondo lake linkagwedera mpaka okhala naye benchi imodzi ankasuntha.

Tsono uthenga wa mlongo wake utafika, iye mwini anachita manyazi ndi mmene mtima wake unadumphira.

Mlongo wakeyo, Manesi, anakwatiwa kwa Msakambewa, kubanja la a Soko, ndipo mwamuna wake anamwalira ndi chifuwa mvula itangosiya. Atameta maliro, akuchimuna anati mng'ono wa malemu alowe chokolo. Mng'onoyo anali Filipo, amene sukulu anaithawa n'kungotengako dzina. Manesi anakana. Filipo anali ndi mkazi kale, ndipo Manesiyo anali m'kalasi ya kutchalitchi, akuyembekeza ubatizo. A Soko sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, njira ndi iyo. Koma ng'ombe zathu zinalowa m'khola la kwanu. Mwanayo atsale."

Mwanayo anali Lenia, kamtsikana koyamwabe, kongoyamba kumene kuima kogwira chipupa. Nkhani yotere imakambidwa pabwalo, inde, koma aliyense ankadziwa mmene milandu ya ana imayendera. Mwana amakhala kumene wagona pamene akulu akukambirana, ndipo akulu samaliza msanga kukambirana. Lenia akatsala kwa a Soko, Manesi adzamuonanso atamera mawere. Akafika kwa achibale a mayi ake ku Mvera, a Soko ndiwo adzakhale oyenda maulendo odandaula.

Aroni anafika kumudziko tsiku la dima, anthu onse ali kumunda wina kutsidya kwa dambo, kumene makasu ankagwa motsatira nyimbo, mowa ukudikira pamthunzi. Manesi anali atanamizira mutu n'kutsala pakhomo. Anamupeza atabereka kale Lenia ndi nsalu ya biriwita, kamtolo kali pamutu.

"Mwabwera nokha, achimwene?"

"Umafuna ndibwere ndi ndani?"

Manesi anayang'ana ndodo ziwiri zonyezimira mafutazo, n'kuyang'ana chipanda cha madzi chimene chinkalendewera m'chiuno mwa mlongo wake. "Ndimayesa mubwera ndi amalume, kapena aphunzitsi. Anthu oti akalankhula, a Soko achite manyazi."

"Izinso zimalankhula."

"Zikalankhule kwina. Ine ndikufuna mwana wanga akagone kwathu lero. Tiyeni."

Msewu wa boma anaulambalala, chifukwa mumsewu mumayenda maso ambiri. Anatenga kanjira ka m'mapiri. Inali nyengo ya dzuwa lowawa, tchire litapsa, nthaka ili bii ndi lupsa, ndipo phazi likaponda phulusa linkatumphuka mpaka m'mawondo. Mitengo ya mombo inali itatulutsa masamba ake ofiira aja, nyenje zikulira mosalekeza ngati zalumbira kuti lero wina apenga. Manesi ankayenda patsogolo, msanga. Aroni ankabwera m'mbuyo, ndipo sankatha mtunda osacheuka.

M'mutu mwake nkhondoyo anali ataimenya kale kambirimbiri. Akabwera awiri, ayamba ndi wamtali. Akabwera ambiri, aima pamene njira yapanikizika, kuti azimufikira mmodzimmodzi. Wina akabwera ndi nkhwangwa, amumenya pamfundo za zala asanaikweze. Funso lililonse linali ndi yankho lake, ndipo mayankhowo anali okoma kuwaganiza. Chimene sanachione n'chakuti adani a m'mutu mwake onse anali anthu aulemu. Ankabwera kuchokera kumene iye wayang'ana, ndipo ankadikira kuti akonzeke.

"Achimwene," anatero Manesi osatembenuka, "kucheuka kwanuko n'kwa munthu woopa, kapena n'kwa munthu woyembekeza alendo?"

"Ndikulondera."

"Mukulondera mukumwetulira."

"Waona bwanji uli kutsogolo?"

"Ndinakulira m'nyumba imodzi ndi inu."

Dzuwa litafika paliwombo anaima pansi pa msuku kuti mwana ayamwe. Manesi anakhala pamwala, natola masuku angapo ogwa okha, n'kumaponyera mlongo wake. Aroni analephera kukhala pansi. Anazungulira mtengo, anakwera pachulu, anatsika, anamwa madzi pang'ono, anatseka chipanda ndi chitsononkho chake, anakweranso pachulu. Kumbuyo kunali zii. Kunalibe fumbi, kunalibe mfuu, ndipo anadzipeza akukhumudwa.

"Mwina sabwera," anatero.

"Mulungu amve zimenezo."

"Filipo ndinamutsukapo mutu kubusa, kangapo konse. Akundidziwa."

"Amanena yekha akaledzera," anatero Manesi, akusinthira mwana kubere lina. "Amati padziko pano palibe munthu angakugonjetseni pa ndodo."

Aroni anayesetsa kuti nkhope yake isaonetse kanthu. "Amanena modandaula?"

"Ayi. Amanena moganiza."

Anapitirira. Njira inakwera, inatsika, inakweranso, mpaka inalowa pampata wa pakati pa mapiri awiri, pamene aliyense wopita ku Mvera kudzera kumtunda ayenera kudutsa. Kumanzere kunali thanthwe lalitali, kumanja mtsetse wamiyala wotsikira kukhwawa louma. Aroni anali akucheukanso pamene anagunda msana wa Manesi, amene anali ataima chilili.

Anthuwo sanali kumbuyo. Anali kutsogolo, ndipo ankaoneka kuti apumula kale.

Filipo anakhala pamwala pakati pa njira, miyendo ikadali ndi dothi la kumunda, ndodo ziwiri zili pamawondo. Chapambali, atatsamira thanthwe, panaima msuweni wake, munthu wamfupi wojintcha amene anabwera kuchokera kumigodi ya ku Halale ndi jekete, chifuwa chosatha, ndi nsapato zazikulu zimene zinamupatsa dzina lakuti Jombo. M'manja mwake munalibe ndodo. Ankadya masuku n'kumalavulira njere patali.

"Alamu!" anafuula Filipo mokondwa. "Mpaka kudutsa pakhomo osapempha ndi madzi omwe?"

"Tinaona kuti mwatanganidwa, a Soko."

"Eetu. Koma wina wopita kuthengo anakuonani, ife n'kusiya mowa wonse uja. Tadzera m'dambo, alamu, njira yachidule. Mwatenga katundu wathu molakwitsa. Zimachitika munthu akamalongedza mofulumira."

"Mwana si katundu, alamu," anatero Manesi.

"Sindikulankhula ndi inu, mayi. Inu munatikana, tinamva, tinalira, tatonthola."

Jombo anamuyang'ana Aroni kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Andodo aja ndi amenewa? Ine ndimayesa ndi chimphona. Kukomboni ya kumigodi tinali naye wina wotere, wodumpha bwino zedi."

"Anatani?" anafunsa Filipo.

"Tinamuika mwaulemu, ndi nyimbo zomwe."

Aroni anamva magazi akuthamanga m'makutu. Tsiku lija linali lafika, ndipo linafika masana, dzuwa likuswa mtengo, pamalo opanikizika monga ankafunira. Anasuntha phazi lakumanzere, nakweza ndodo yotchingira.

Filipo anaimirira pang'onopang'ono. "Tisachite ngati agalu, alamu. Ndife Angoni. Ine ndi inu, ndodo zokha, monga kubusa. Mukanditulutsa magazi, dutsani. Ndikakutulutsani ine, mwana atsala. Jomboyu ndi woonerera chabe."

"Ine ndatopa," anatero Jombo. "Ndingoonerera."

"Achimwene, musavomere," anatero Manesi motsitsa mawu. "Mwana wanga si mbuzi yopikisanirana. Tibwerere, tikadzere kwina."

Koma Aroni anali atamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anakhumudwa kuti ngakhale lero amubweretsera masewera omwe aja. Anapepukidwanso, chifukwa masewerawo ankawadziwa ngati njira ya kumunda kwake, ndipo mutu wa Filipo ankaudziwa kuposa ometa ake. Mwana angatayike bwanji pa chinthu chimene iye sanagonjepo?

"Ima apo, Manesi. Sizitenga nthawi."

Anagundanitsa ndodo zawo monga mwa mwambo, n'kuyamba kuzungulirana. Aroni anayesa kumsongolo, Filipo anatchinga. Anayesa kunthiti, Filipo anatchinga n'kubwerera m'mbuyo. Ndodo zinkalira kho, kho, kho, phokoso n'kumabwerera kuchokera kuthanthwe, ndipo thupi la Aroni linapeza mtendere umene linkausowa m'tchalitchi. Bondo linasiya kugwedera. Anaona kuti Filipo sakumenya, akungotchinga n'kumabwerera, kubwerera, mpaka anafika m'mphepete mwa mtsetse, patali ndithu ndi pamene Manesi anaima. Anaganiza kuti ndi mantha.

Kenako Filipo anatsitsa ndodo yakumanzere. Sanaitsitse ngati munthu wotopa. Anaitsitsa bwinobwino, n'kuweramitsa mutu pang'ono, ngati wafika kwa ometa. M'mutu mwa Aroni munayamba funso lakuti, kodi n'chifukwa chiyani, koma mkono wake unali wamkulu kuposa funsolo ndipo sunadikire. Ndodo inagwa pamwamba pa nsidze, khoo! Khungu linang'ambika, magazi n'kutsika chuchuchu mpaka pachibwano.

"Mwandipeza, a Nyoni," anatero Filipo, n'kukhala pansi.

Zimene zinatsatira Aroni sanazilamule. Manja ake anatula ndodo pansi, zonse ziwiri, moyandikana bwino. Bondo linagwada. Zala zinazula chitsononkho pachipanda, madzi anathira pachikhatho, chikhatho chinapita pamphumi pa mlamu wake. Anali atachita zimenezi kuyambira ali wosavala, kwa abale ndi kwa alendo, ndipo thupi lake silinkadziwa kuti pambuyo pa magazi pangabwerenso china. Anazindikira pamene anaona mano a Filipo. Munthuyo ankamwetulira mkati mwa magazi ake. Zaka zonse zija zoganiza pamowa, Filipo sankafuna njira yomugonjetsera. Ankafuna njira yomutulitsa ndodo, ndipo njirayo inalipo imodzi, yodziwika kwa mwana aliyense wa kubusa.

Nsapato ya Jombo inafika koyamba pa ndodozo. Zinauluka, n'kumagubuduzika pamtsetse mpaka phokoso lake linazimirira kukhwawa. Kachiwiri inafika padzanja lamanja la Aroni, limene anali atangolichotsa pabala n'kulitsamiza pamwala. Mafupa analira ngati mapesi ouma. Asanakuwe n'komwe, Filipo anamukumbatira m'chiuno ndi mikono yonse iwiri, n'kumugwetsera pa iye mwini.

"Pepani, alamu," anamunong'oneza m'khutu. "Khalani kaye pansi. Mwapambana kale."

Manesi anataya kamtolo n'kuthamanga kubwerera kumene anachokera, koma munthu wobereka mwana sathamanga pamiyala. Jombo anamupeza asanafike patali. Sanalimbane naye. Anangogwira Lenia m'khwapa n'kumusolola m'nsalu chokweza m'mwamba, monga amazulira chinangwa panthaka yofewa. Manesi atatembenuka, anamumenya khofi ndi kuseri kwa dzanja, iye n'kugwa chagada. Mwana anamupanira m'khwapa ngati nkhuku ya kumsika, nayamba kubwerera akuyenda, osathamanga n'komwe.

Kulira kwa Lenia ndiko kunamufika Aroni. Ululu wa dzanja unali kutali, ngati wa munthu wina.

Zimene anachita pamenepo palibe amene anamuphunzitsa. Analowetsa chala chachikulu cha dzanja lamanzere m'bala lomwe ankatsuka lija, n'kukankha. Filipo anakuwa koma sanasiye. Aroni anapeza khutu pafupi ndi pakamwa pake, naliluma mpaka mano anakumana. Mikono ija inamasuka. Anadzuka, anagwa, anadzukanso. Miyendo yake yotchuka ija inali ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Anamva wina akulira mokuwa ndi mawu ang'ono, onyansa, ndipo anadabwa kupeza kuti akuchokera pakhosi pake.

Jombo anamuona akubwera. Sanasinthe kaimidwe, sanakweze chilichonse. Anangopisa dzanja m'jekete n'kutulutsa mpeni waufupi. Aroni anafunafuna m'mutu mwake yankho la munthu wa mpeni wonyamula mwana, ndipo m'mutumo munali mbee. Anawerama, natapa phulusa la lupsa lodzaza dzanja, n'kuliwaza kumaso. Linalowa m'maso mwa Jombo, linalowanso m'maso mwa Lenia. Jombo anatukwana m'chinenero cha kumigodi, nayamba kutema mphepo ndi mpeni uja mwachisawawa. Aroni anamva ngati udzu wamukanda pamkono.

Ndi Manesi amene anatha nkhaniyo, ngakhale pambuyo pake palibe anamufunsa. Anabwera chokwawa kumbuyo, nagwira kolala ya jekete lija ndi manja awiri, n'kulendewera ndi thupi lonse. Jekete linatsika mpaka m'zigongono, mikono ya Jombo n'kumangika. Mwana anapulumuka m'khwapa, nagwera pachitsa cha udzu wopsa. Kanthawi kochepa kunali zii, ngakhale nyenje zinakhala ngati zaleka. Kenako Lenia anakoka mpweya n'kulira kulira kwenikweni, kwa mwana wamoyo amene wakwiya.

Aroni anadziponya m'mawondo mwa Jombo ngati thumba. Nsapato zija zinaterereka pamwala, onse awiri n'kupita kumtsetse, akugubuduzika, kugundana mitu, miyala ikuwatsatira. Anaima pa chitsamba chaminga. Jombo anali pansi, jekete likadamumanga, mpeni utasowa. Dzanja lamanzere la Aroni linapeza mwala. Anamenya. Magazi anatuluka pamphuno ndi pakamwa. Anamenyanso. Anakweza kachitatu.

"Achimwene!" Mawu a Manesi anatsika kuchokera pamwamba, akuthwa ngati lumo. "Mukamupha, boma likunyongani, ndipo a Soko adzalipitsa magazi ake ndi mwana yemweyu! Tayani!"

Mwala unakhala m'mwamba. Jombo ankapuma mokoka, thovu lofiira likutuluka pamilomo, diso limodzi likumuyang'ana Aroni mopanda chidani, ngati munthu amene zotere waziona kambiri ndipo akungodikira kuti lero zithera pati. Aroni anatsitsa dzanja, nasiya mwala pambali.

Zonsezi, kuyambira pa nsapato mpaka apa, zinatenga nthawi imene munthu waludzu amamwera chikho cha madzi.

Anakwera mtsetse chokwawa, ndi chigongono ndi mawondo. Atafika panjira anasanza masuku onse aja. Nsalu yake inali yonyowa kutsogolo. Chipanda chinali chitasweka, zoona, ndipo anasankha kukhulupirira kuti ndi madzi. Mkono wamanzere unali wotseguka kuyambira pachigongono kutsika, ndipo anauyang'ana modabwa, osakumbuka kuti zachitika liti. Dzanja lamanja linali litayamba kale kutupa, zala zitaloza mbali zosiyana ngati zakangana.

Filipo anali akadali pamalo paja, dzanja lina pamphumi, lina pakhutu, magazi akudontha m'zigongono zonse ziwiri.

"Mwandiluma, a Nyoni," anatero, ndi mkwiyo weniweni. "Mngoni wamkulu, wa ndevu zake, kuluma ngati mwana wolandidwa chimanga! Ndikanena kwa Msakambewa konse. Ndikanena mpaka ku Ntchisi. Onse amene munawatsuka mitu akamva!"

Aroni anatsegula pakamwa kuti anene za nsapato, za lonjezo, za woonerera uja. Koma chodabwitsa n'chakuti manyazi anamugwiradi.

Manesi sanayang'ane aliyense wa iwo. Anali atakhala pansi, mwana ali pamiyendo, akumupinda mikono ndi miyendo umodziumodzi, akumusisita mutu kufuna chotupa. Atakhutira, anamugoneka chagada, namutsegula zikope ndi zala, n'kufinyira mkaka wa m'bere m'maso onse awiri mpaka phulusa linatuluka ndi misozi yoyera. Tsaya la iye mwini linali litatupa. Anang'amba mpendero wa nsalu yake ndi mano, namanga mkono wa mlongo wake mwamphamvu, mopanda chisoni, ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Lenia sanamuberekenso kumsana. Anamumangirira pachifuwa, mfundo ziwiri.

"Nyamukani."

"Ndodo zanga zili kukhwawa."

"Muzigwira ndi chiyani? Nyamukani, achimwene. Kudima kuja kwatsala amuna ambiri, ndipo mowa ukatha akumbuka kuti awiriwa sanabwerere."

Anadutsa pafupi ndi Filipo. Iye sanatambasule dzanja. Anangowatsatira ndi diso limene linalibe magazi, kenako anayamba kuitana msuweni wake kumtsetse, kufunsa ngati angathe kuimirira.

Kuchokera pampata njira inkangotsika. Manesi ankapita ngati sanagwepo. Aroni ankadzandira m'mbuyo, dzanja lothyoka atalipanira pachifuwa. Tsopano ankacheuka kawirikawiri kuposa poyamba, koma sankayang'ananso kumbuyo kokha. Ankayang'ana kutsogolo, m'mbali, pamwamba pa miyala, kuseri kwa chulu chilichonse. Chitsa chinkaoneka ngati munthu wogwada. Buluzi atathawa m'masamba ouma, Aroni analumpha n'kukuwa. Nthawi ina anafulumira kuti aone ngati maso a mwana ayera, koma Lenia atangoona nkhope yake, yaphulusa ndi magazi, anakuwa n'kubisa mutu m'mawere mwa mayi ake.

"M'talikireni pang'ono," anatero Manesi. "Adzakuzolowerani."

Anayenda mpaka mithunzi inatalika. Kenako Aroni anati, "Manesi, kumudzi akakafunsa, ukanene kuti anali ndi mpeni."

"Anali nawodi."

"Ndiponso kuti anaphwanya lamulo ndi iwo."

"Lamulo la ndani, achimwene? Jombo anawetapo ng'ombe?"

Aroni anayesa kukumbukira nkhondoyo mwadongosolo, monga ankachitira ndi masewera onse, kuti apeze pamene akanachita mwina. Zidutswa zake zinkakana kulumikizana. Ankangokumbukira kukoma kwa mchere kwa khutu la munthu, ndi mmene manja ake anayalira ndodo zija pansi mosamala, moyandikana.

Mtsinje wa kumalire kwa minda ya kwawo anaufika dzuwa litapendeka. Madzi anali ochepa, ofika m'mawondo. Kutsidya kunali amayi akuchapa pamiyala, ndipo mmodzi wa iwo, Rakele, mkazi wa amalume awo, anaimirira n'kuphimba maso ndi dzanja kuti aone bwino.

"Si NaNyoni uyo? Amayi inu, ndi Manesi! Wabwera ndi mwana!"

Manesi analowa m'madzi osakweza n'komwe nsalu. Rakele anakumana naye pakati, amayi enawo akubwera m'mbuyo mwake, ndipo kanthawi kochepa Lenia anali atazingidwa ndi mikono yonyowa ya anthu a mtundu wa mayi ake, wina akumupukuta, wina akumutchula mayina a makolo, wina akulira maliro a bambo ake amene sanathe kupitako.

Rakele anatembenukira kwa Aroni, n'kugwira pakamwa. "Nanga awa? Mwagwa mumtengo, a Nyoni? Ndodo zili kuti?"

"Asiyeni," anatero Manesi. "Tengani mwanayu, mayi, muthamange naye. Amalume akamuone ali m'nyumba mwawo dzuwa lisanalowe, ndipo aitane anthu adzamuone."

Rakele anamasula mfundo zija, naponya Lenia kumsana kwake, n'kuyamba kukwera gombe mothamanga, amayi ena atamuzinga mbali zonse, zochapa zitatsala pamiyala. Kulira kwa mwana kunapita kukucheperachepera m'minda, kulowera kumene utsi wa mudzi unkakwera.

Aroni anatsala pakati pa mtsinje. Madzi ankamuzizira m'misongolo, ndipo nsalu ya pamkono inali itayamba kudontha. Manesi anamuitana kuchokera kutsidya, anamuitananso. Iye anawerama, nafufuza pansi pa madzi ndi dzanja lamanzere mpaka anapeza mwala wokwana m'chikhatho, n'kuimirira atayang'ana kumapiri kumene anachokera. Njira inali yopanda munthu mpaka pamwamba. Anaimabe.